Mneneri Kapena Munthu Wamba: Mmene Malokeshoni a Lilongwe Amasungira Mbiri ya Oyimba

Funso lakuti mbiri yolembedwa ya woyimba wotchuka imaonetsa khalidwe lake mwachilungamo kapena ayi lidayamba kuvutitsa olemba ndi owerenga ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene oyimba a m'badwo woyamba wa nyimbo za rock, zomwe ndi nyimbo za achinyamata zodalira magitala amagetsi, ng'oma zachizungu ndi mawu okweza, adayamba kumwalira, ndipo makampani osindikiza mabuku adazindikira kuti moyo wa anthu amenewa ungagulitsidwe monga momwe nyimbo zawo zinkagulitsidwira. Ku Malawi funsoli lilipo ndithu, koma lidadzera njira yosiyana, chifukwa kuno mbiri ya woyimba kawirikawiri siyambira m'buku: imawerengedwa pamaliro, imaulutsidwa pa wailesi, imafupikitsidwa m'nyuzipepala, ndipo pambuyo pake imatsalira pakamwa pa anthu m'maminibasi, m'malo ometera tsitsi, pa bawo ndi m'mabala. Malokeshoni a Lilongwe, kutanthauza madera okhala anthu wamba monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ndi malo oyenera kuunikirapo mwambo umenewu. Ambiri mwa oyimba otchuka a dziko lino kwawo ndi ku Chileka, ku Balaka kapena ku Thyolo, koma ndi mumzinda uno momwe Evison Matafale adamwalirira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001, ndipo imfa imeneyo idachititsa kuti khalidwe lake likhale nkhani yomwe anthu amatsutsana nayo mpaka lero.

Mkangano wa kunjawo uli ndi mayina odziwika, ndipo kuufotokoza mwachidule kumathandiza kumvetsa wa kuno. Kutatsala masabata ochepa kuti Elvis Presley amwalire mu Ogasiti 1977, anthu atatu omwe kale ankamulondera adatulutsa buku lofotokoza mmene ankamwera mankhwala mopyola muyeso, ndipo mu 1981 Albert Goldman adasindikiza mbiri yomwe idamuonetsa ngati munthu wopanda nzeru ndi wonyansa, moti owerenga ambiri adaona kuti wolembayo adanyozera kumodzi anthu osauka a kummwera kwa America komwe woyimbayo adakulira. Goldman yemweyo adachitanso chimodzimodzi ndi John Lennon mu 1988, ndipo mkazi wa malemuyo, Yoko Ono, pamodzi ndi Paul McCartney, adadzudzula bukulo poyera. Padadutsa zaka zoposa khumi kuchokera pa mbiri ya Presley ija kuti Peter Guralnick atulutse mabuku awiri, mu 1994 ndi mu 1999, omwe sadabise kugwa kwa Presley koma adakufotokoza pamodzi ndi luso lake, umphawi wa paubwana wake ndi chikondi chake pa nyimbo za m'tchalitchi. Olemba awiriwa adasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa mboni zomwe aliyense adazimvetsera ndi pa kukula kwa malo omwe adapereka ku chinthu chilichonse, ndipo muyeso womwewo ungagwire ntchito pa mbiri yapakamwa ya ku Kawale kapena ku Mgona.

Malokeshoni amenewa ndi a dzulodzulo poyerekeza ndi midzi yowazungulira. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 m'tauni ya Lilongwe, koma boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo likululo litasamuka ku Zomba mu 1975, chiwerengerocho chidafika pafupifupi 99,000 mu 1977, pomwe kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000. Okonza mapulani adagawa mzindawu m'zigawo za manambala, nasiyanitsa madera a nyumba zikuluzikulu ndi madera omwe munthu ankapatsidwa puloti kuti amange yekha malinga ndi thumba lake. Kawale ndi Biwi adakula moyandikana ndi tauni yakale, Area 25 idakula kumpoto kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, pomwe Chinsapo ndi Mgona adadzaza ndi anthu omwe mapulani a boma sadawawerengere, omwe ankapeza malo kudzera kwa mafumu kapena kuchita lendi m'nyumba za anzawo. Chofunika pa nkhani ino n'chakuti anthu a m'maderawa adachokera m'maboma onse a dziko lino, kotero kuti munthu akamwalira, oyandikana naye nyumba nthawi zambiri sankadziwa komwe adabadwira, makolo ake, ngakhale ntchito zomwe adagwirapo asadafike mumzinda.

M'malo otere mwambo wowerenga mbiri ya malemu udapeza mphamvu yatsopano. Kumene aliyense adamuona womwalirayo akukula, oyankhula pamaliro amatsindika za matenda ndi mmene achibale adayesetsera kuthamanga naye, kuti pasakhale wokayikira chomwe chamutenga. Koma pakati pa alendo okhaokha pamafunika pepala lolembedwa, lomwe wachibale mmodzi amaliwerenga pamaso pa khamu thupi lisadanyamuke, lotchula tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi boma, sukulu, ntchito, mpingo, banja, ana ndi zidzukulu zomwe wasiya, ndi matenda omwe adadwala. Mbiri yotere ili ndi malamulo ake osalembedwa, ndipo lalikulu ndi lakuti pamaliro sipozengera mlandu, kotero kuti ukali wa munthu, ngongole zake, mowa ndi ana a kumbali zimasiyidwa ngakhale onse okhala pansi pa tenti akuzidziwa. Kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko muno, mapepala ambiri otere ankangonena kuti malemu adadwala nthawi yaitali. Kungakhale kulakwitsa kutcha mwambowu bodza, chifukwa ntchito yake ndi kutonthoza ofedwa ndi kubwezera womwalirayo ulemu wake pamaso pa anthu, ndipo palibe amene amapita kumaliro kukafufuza khalidwe la munthu. Vuto limabuka pamene mbiri yapamaliro yasanduka mbiri yokhayo, zomwe zimachitikira oyimba ambiri, poti atolankhani amatenga mawu a kumanda n'kuwasindikiza, ndipo chaka ndi chaka pa tsiku lokumbukira amawabwereza osawonjezerapo kanthu.

Pa maliro omwewo pamakhalanso mbiri yachiwiri. Usiku wa kuchezera, amayi akuyimba m'nyumba ya siwa ndipo abambo akuotha moto panja, zomwe sizidzawerengedwa mawa zimakambidwa motsitsa mawu, ndipo kutacha zimatsagana ndi anthu kupita kumsika ndi kudepoti. Mbiri imeneyi ilibe mwini, siyitanitsa umboni, ndipo imakula ikamachoka pakamwa pena kupita pena, komabe si nkhanza zokhazokha. Harri Englund, katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu yemwe adachita kafukufuku kwa zaka zambiri ku Chinsapo, adasonyeza m'buku lake la 2011 lonena za pulogalamu ya pa wailesi ya MBC ya Nkhani za M'maboma kuti nkhani zomwe omvera ankatumiza, zokhudza mafumu, aphunzitsi, abusa ndi mabwana ochita zosayenera, zidali njira yomwe anthu osauka ankakumbutsira akuluakulu za udindo wawo pa omwe ali pansi pawo. Woyimba amalowa m'gulu la akuluakulu otere akangoyamba kumveka pa wailesi, ndipo anthu a m'lokeshoni amamuyesa ndi mafunso omwe wolemba mabuku wa ku London sangayambe nawo: ngati amalipira anyamata a bandi yake, ngati amafika pamaliro a oyandikana nawo, ngati adamangira mayi ake nyumba, ngati amapereka moni akatsika m'galimoto. Wolephera pa zimenezi amatchedwa wodzimva ngakhale nyimbo zake zikuvinidwa paukwati uliwonse.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi mbiri ziwirizi sizinkakumana poyera. Dziko lidali ndi nyumba imodzi youlutsa mawu, MBC, lopanda wailesi ya kanema. Nyuzipepala zikuluzikulu zidali m'manja mwa kampani ya mtsogoleri wa dziko. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Ndipo malamulo a m'zaka za m'ma 1970 adaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, pomwe amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Woyimba wa rock wa m'maiko ena ankadziwika ndi kusamvera akuluakulu, koma wa ku Malawi ankayenera kuoneka mwana womvera, ndipo khalidwe lake lenileni silinkalembedwa paliponse. Wambali Mkandawire, yemwe adamwalira ku Lilongwe mu Januwale 2021, adayamba ngati woyimba wotsogolera bandi ya Pentagon, yomwe inkasakaniza rock ndi nyimbo zakuno, asadatembenuke mtima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kudzipereka ku nyimbo zauzimu, ndipo mbiri zake zofupikitsa zimadutsa zaka zoyambazo m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, potsata kalembedwe ka umboni wa m'tchalitchi komwe moyo wakale umangotchulidwa kuti moyo watsopano uwale. Woyimba wa nthawi imeneyo yemwe moyo wake udalembedwa mwatsatanetsatane ndi Daniel Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, ndipo izi zidatheka chifukwa Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wochokera ku Austria, adakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967, nalemba buku la bandi yawo lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1974, napitiriza kuyenda nawo mpaka Daniel adamwalira mu 1987. Kuti mbiri yozama chotere idalembedwa ndi mlendo, m'zinenero zomwe ambiri mwa omwe ankavina nyimbozo sankawerenga, ndi chizindikiro cha mmene zinthu zidalili.

Zinthu zidasintha mofulumira pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Nyuzipepala ya The Nation idayamba mu 1993, MBC idatsegula wailesi yachiwiri mu 1997, mawailesi omwe si aboma adatsatira, kanema wa Television Malawi adayamba mu 1999, ndipo Zodiak idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2005. Koma chida chachikulu cha nthawiyo chidali kaseti, yomwe inkagulitsidwa pa mabenchi a m'misika ndi kulizidwa m'maminibasi opita ku Area 25 ndi ku Chinsapo, ndipo phindu lalikulu la malondawo linkatsalira kwa ogawa makaseti ndi ojambula mwakuba, ngakhale bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA lidali litakhazikitsidwa kale mu 1992. Nyimbo zomwe zidatenga malo omwe rock idali nawo kwina, monga liwu la achinyamata osakhutira, zidali za reggae, zochokera ku Jamaica, ndipo pamodzi ndi nyimbozo padafikanso chithunzi chokonzeratu cha mmene woyimba weniweni ayenera kukhalira. Bob Marley adayimba pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980 n'kumwalira mu Meyi 1981 ali ndi zaka 36, ndipo chomwe chidafika m'malokeshoni kudzera pa zithunzi, masikipa ndi makaseti chidali Marley mneneri wa osauka womwalira msanga. Marley wovuta m'banja, yemwe mkazi wake Rita adamufotokoza m'buku lake la 2004, sadafike konse pa mabenchi a makaseti.

Matafale adabadwa mu 1969 ndipo kwawo kudali ku Chileka, dera lomwe lidatulutsa a Kachamba aja pamodzi ndi Robert Fumulani wa bandi ya Likhubula River, yemwe ana ake, abale ake a Matafale, ndiwo adapitiriza bandi ya Matafale ya Black Missionaries. Matafale adali wa chipembedzo cha Rasta, chomwe chidayambira ku Jamaica m'zaka za m'ma 1930, chimalemekeza mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, ndipo otsatira ake ambiri sameta tsitsi. Kutchuka kwake ali moyo kudatenga zaka pafupifupi ziwiri zokha ndipo kudagona pa zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, momwe mawu ake odekha, Chichewa chake chozama ndi kudalira kwake Baibulo zidakopa ngakhale amayi a mvano ndi madoda omwe sankafuna kumva za Arasta. Chaka cha 2001 chidali chowawa m'malokeshoni: chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mitengo yake inkakwera mwezi ndi mwezi kulowera ku njala yoopsa ya kumayambiriro kwa 2002, ndipo nkhani yofuna kusintha malamulo kuti Pulezidenti Bakili Muluzi aimenso kachitatu idali itayamba kale kumveka. M'chaka chimenecho Matafale adakhalapo m'chitokosi chifukwa cha mkangano wa ndalama ndi wogawa makaseti wina, ndipo pambuyo pake adalemba makalata odzudzula mtsogoleri wa dziko, momwe, malinga ndi zomwe zidalembedwa nthawiyo, adanena kuti boma likudyera masuku pamutu anthu wamba ndipo likukondera Asilamu ndi amalonda a Chimwenye. Apolisi adamugwira kwawo akudwala kale, namutengera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, kumene kuli likulu lawo ku Area 30, ndipo patangotha masiku ochepa adamwalira ali ndi zaka 32.

Zotsatira zake zidaonetsa kuti anthu sadalandire imfayo ngati ya matenda wamba. Arasta ndi achinyamata adachita zionetsero, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, pa zionetsero za ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba zomwe mwa zina zinkadandaula za imfa imeneyi, wophunzira Fanikiso Phiri adaomberedwa ndi apolisi namwalira. Pulezidenti adakhazikitsa komiti yofufuza, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission lidachitanso kafukufuku wake, ndipo chomwe chidalengezedwa n'chakuti woyimbayo adafa ndi chibayo, yankho lomwe anthu ambiri m'malokeshoni sadalikhulupirire ndipo salikhulupirirabe. Kuchokera pamenepo padabadwa zithunzi zitatu za munthu mmodzi. Cha boma chidali cha munthu wodwala yemwe adaphwanya lamulo ndipo matenda ake adamupeza ali m'manja mwa apolisi. Cha omutsatira chidali cha mneneri yemwe adaphedwa chifukwa chonena chilungamo, ndipo m'nyimbo zake anthu adayamba kupezamo maulosi a imfa yake ndi a zochitika zina za dziko. Chachitatu, chomwe chinkanong'onedwa ndi omwe ankanyansidwa ndi Arasta, chidali cha munthu waukali wosokonezeka ndi chamba, chiweruzo chomwe nthawi imeneyo chinkagwera aliyense wa tsitsi lopotana. Ndi bwino kukumbukira kuti ana a Arasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo mpaka khoti lalikulu ku Zomba lidagamula mowakomera mu 2023.

Chilichonse mwa zithunzi zitatuzi chimaima pa chinthu choona ndipo chimabisa china. Cha boma chimadumpha funso lomwe silifuna dokotala kuti aliyankhe, lakuti munthu wodwala ankamunyamuliranji ulendo wautali chotere chifukwa cha kalata, pogwiritsa ntchito malamulo oletsa kunyoza boma omwe adachokera kwa atsamunda ndipo Nyumba ya Malamulo idadzawachotsa mu 2022. Cha onyoza chimalephera kufotokoza mmene munthu wosokonezeka akadapekera nyimbo zokonzedwa mosamala chotere, komanso chimaiwala kuti dandaulo lake la ndalama za makaseti lidali dandaulo la oyimba pafupifupi onse a nthawiyo. Koma cha omutsatira, chomwe ndicho chidapambana, chili ndi ngongole yakenso, chifukwa chimasiya mbali ya makalata aja yomwe idaloza chala chipembedzo chonse ndi mtundu wonse wa anthu, mawu omwe Msilamu wosauka wa ku Biwi kapena ku Kawale, yemwe ankagona ndi njala yomweyo ndipo mwina ankakonda nyimbo zomwezo, adali ndi chifukwa chomveka chowawidwa nawo. Kutchula zimenezi sikuchepetsa kulakwa kwa omwe adamusunga, poti munthu safunika kukhala wopanda banga kuti imfa yake m'manja mwa boma ikhale yosayenera. Chomwe chimachepetsa Matafale ndi kumuchotsera mkwiyo, mantha ndi kulakwitsa, chifukwa kulimba mtima kwa munthu yemwe sadziwa mantha sikuphunzitsa aliyense kanthu.

Palinso kutayika kwina komwe sikuonekera msanga. Imfa yotere imameza moyo wonse, moti nkhani iliyonse ya Matafale imathamangira ku sabata yake yomaliza, ndipo zaka makumi atatu zoyamba zimatsala zopanda wofunsa: mmene adaphunzirira kuyimba, mabuku omwe ankawerenga, mmene ankapekera nyimbo, zomwe zinkamuseketsa, mmene ankakhalira ndi anzake pa nthawi yokonzekera. Osunga mbiri yake akuluakulu ndi achibale ake a mu Black Missionaries, omwe adapitiriza kutcha zimbale zawo Kuimba motsatana manambala, amakonza chikumbutso chaulere ku Chileka mwezi wa Novembala, ndipo amadzaza malo azisangalalo a Lilongwe nthawi iliyonse akabwera. Ntchito imeneyi ndi yaikulu, ndipo popanda iyo dzinali likadazilala monga adazilalira mayina a oyimba ena ambiri, koma wachibale yemwenso ndi wolowa m'malo ali ngati nkhoswe paukwati, yemwe amadziwa zambiri kuposa wina aliyense ndipo udindo wake womwewo umamuletsa kuzinena pagulu.

Moyo wa Lucius Banda ukusonyeza mbali ina ya vutoli, chifukwa iye adakhala nthawi yokwanira kuti zotsutsana za moyo wake zilembedwe iye akuona. Adabadwa mu 1970 ku Balaka, adakulira mu Alleluya Band ya mkulu wake Paul, adatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1990 monga Soja wa amphawi, ndipo Reuben Chirambo adalemba za ndale za m'nyimbo zake mu 2002. Koma yemweyo adayimbira kampeni chipani cha UDF, chomwe chinkalamula pamene Matafale ankamwalira, adasankhidwa kukhala phungu mu 2004, adamangidwa mu 2006 pa mlandu wa satifiketi ya sukulu n'kutuluka patatha miyezi yochepa atachita apilo, adabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pomwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa adali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Za kundende adaziyimba yekha m'chimbale chomwe adachitcha dzina la chipinda chomwe adagonamo, ndipo potero adalanda amiseche chida chawo. Ngakhale zidali choncho, maliro ake atalengezedwa mbiri ziwiri zija zidaonekeranso, yachitamando m'mawu a akuluakulu ndi yamafunso pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, komwe masiku ano zokambidwa pamoto wa pasiwa zimalembedwa n'kuwerengedwa ndi dziko lonse tsiku lomwelo.

Oyimba a rock enieni oyimba m'chinenero chino adali ku Zambia, ndipo zomwe zidawachitikira n'zoyenera kuziganizira. M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, mabandi monga WITCH ndi Ngozi Family adakuza mtundu wa nyimbo womwe umatchedwa Zamrock, ndipo Paul Ngozi, yemwe adamwalira mu 1989, ankayimba zambiri m'Chinyanja cha ku Lusaka. Kugwa kwa mtengo wa kopa ndi mliri wa Edzi zidathetsa m'badwo umenewo, ndipo pamene kampani ya Now-Again ya ku America idayamba kutulutsanso nyimbozo patapita zaka pafupifupi makumi atatu, mboni zambiri zidali zitapita. Leonard Koloko adasonkhanitsa zomwe zidatsala m'buku lake la oyimba a ku Zambia, ndipo filimu ya 2019 yonena za WITCH idadalira kwambiri Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari, yemwe ndi yekhayo wotsala mwa omwe adayambitsa bandiyo. Mu 2024 nyimbo ya Ngozi idamveka padziko lonse woyimba wina, Tyler, the Creator, ataigwiritsa ntchito m'nyimbo yake, koma mamiliyoni omwe adamva mawuwo angapeze zambiri za kulira kwa gitala yake kuposa za munthu yemwe ankailiza.

Chilungamo pa mbiri ya woyimba, tsono, sichingachokere pa pepala la pamaliro lokha kapena pa zonong'ona za usiku zokha, ndipo kuphatikiza theka la ichi ndi theka la icho sikuthandizanso. Chimafuna munthu woleza mtima woti amvetsere mboni zambiri zosagwirizana, achibale, oyimba nawo, ogulitsa makaseti, atolankhani omwe adalemba nkhanizo, apolisi ndi anamwino omwe adapuma ntchito, n'kulemba zomwe aliyense wanena pamodzi ndi chifukwa chomwe angakhale nacho chonenera choncho, ndipo azilembe m'Chichewa kuti eni nkhaniyo athe kutsutsa pomwe walakwitsa. Luso lojambula ndi kusunga mawu a anthu lilipo kale mumzinda muno, poti bungwe la National Library Service lidasonkhanitsa nthano m'maboma ambiri, ndipo sukulu ya zoyimbayimba ya Music Crossroads ku Area 23 idatenga nawo gawo pojambula nyimbo za makolo. Chomwe chatsala ndi kutembenuzira zida zomwezo kwa anthu omwe adakhala ndi oyimba a m'zaka za makaseti. Makomiti ofufuza aja adapatsidwa ntchito yopeza chomwe chidapha Matafale, ndipo funso lakuti adali munthu wotani silidali m'gulu la zomwe adatumidwa. Awiri mwa omwe akadaliyankha bwino kwambiri adapita kale: mbale wake Musamude Fumulani adamwalira mu 2007, ndipo mbale wake wina, Gift Fumulani, adamutsatira mu 2008.